Mukafukula ndalama yakale, musaikweche

Anzanga amene mwayamba kusaka zakale m'minda ndi metal detector (kachipangizo kozindikira zitsulo zokwiririka m'nthaka) kuno ku England, chonde ndalama mukaifukula musaipukute ndi chala. Ndikudziwa, mtima umathamanga kufuna kuona nkhope ya mfumu. Koma m'dothimo muli mchenga, ndipo mchengawo umakala ndalama, makamaka zasiliva zamakedzana zosulidwa ndi nyundo, zopyapyala ngati tsamba. Ine yoyamba yanga, yamkuwa, ndinaiviika mu viniga usiku wonse. M'mawa zobiriwira zimene zinali pamwamba pake zinali zitachoka, zilembo nazonso zitapita. Mpaka lero zimandiwawa.

Ikani ndalamayo payokha m'kathumba ka pulasitiki koboola timabowo kuti chinyezi chituluke, lembani malowo ndi GPS ya pafoni, kenako kaonetseni Finds Liaison Officer wa m'dera lanu, katswiri wa zinthu zakale amene amalemba zotere mu Portable Antiquities Scheme, kaundula wa zakale zimene anthu apeza.

Zikakhala zagolide kapena zasiliva, ziwiri kapena kuposerapo pamalo amodzi, zoposa zaka 300, lamulo la Treasure Act 1996 limafuna mudziwitse coroner (mkulu wa boma amene amagamula ngati zimene mwapezazo zikugwa pansi pa lamuloli) pasanathe masiku 14. Chilolezo cha mwini munda tengani musanayambe kukumba, makamaka cholembedwa.