Mmene Ndimatetezera Buledi Wopanda Gluten wa Mwana Wanga

Mwana wanga wamkazi ali ndi matenda a celiac, omwe amachititsa thupi kudana ndi gluten, puloteni wopezeka mu tirigu ndi balere, moti nyenyeswa zochepa chabe za tirigu zimamugoneka ndi m'mimba masiku awiri.

Pogula buledi, tembenuzani paketi muwerenge kumbuyo. Malamulo a ku Ulaya ndi ku America amaika malire a gluten pa magawo 20 pa miliyoni kuti chakudya chilembedwe "gluten-free", kutanthauza chopanda gluten. Komabe ine ndikaona kuti waphikidwa pamalo omwe amaphikiranso wa tirigu, ndimamubweza pashelefu. Ufa umauluka, komanso umakanirira m'makina odulira. Ndimafunafuna chizindikiro cha ngala ya tirigu yodutsidwa mzere, chosonyeza chakudya chopanda gluten. Oats, mbewu yophikira phala, nayenso musamukhulupirire msanga, chifukwa nthawi zambiri amakololedwa ndi kunyamulidwa ndi zida zomwezo za tirigu ndi balere.

Paketi yong'ambika, isiyeni.

Koma kwa ife vuto lalikulu linali kukhitchini. Mpeni wa mwanayo ukhale wakewake, thabwa lodulirapo lakelake, toaster yowotchera buledi yakeyake. Majarininso chimodzimodzi: tsiku lina bambo ake anapisamo mpeni atangopaka buledi wamba, ndipo usiku umenewo sitinagone. Panopa kontena yake ndinailemba dzina, ndipo buledi wake amakhala pashelefu yapamwamba kuti nyenyeswa za wathu zisagweremo.