Kuphunzitsa ana panja kuno ku Chigwa cha Shire: yambani dzuwa lisanakwere

Makolo ambiri a ku Chikwawa ndi Nsanje akamva zoti ana akuphunzirira panja, amangoti makalasi asowa. Sakulakwa. Chiyambire maphunziro aulere a ku pulayimale mu 1994, ana ochuluka akhala akuphunzirira pansi pa mitengo, ndipo namondwe wa Freddy mu 2023 anagumula zipinda zina, zina n'kusanduka malo ogona anthu othawa madzi. Koma kukhazika ana pansi pa mtengo wa nimu n'kumawalankhulira tsiku lonse, iwo ali duu, sikumene tikunena pano. Tikunena zoti mwana agwire, athamange, ayeze, awerenge zinthu zomwe zamuzungulira.

Choyamba ndi nthawi. Kuno mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40, ndipo mchenga umaotcha mapazi. Masewera othamanga monga fulaye, chipako ndi mpira wachikulunga achitike m'mawa, isanakwane 9 koloko. Dzuwa likakwera, anawo alowe pamthunzi, ndipo ndowa ya madzi akumwa a pamjigo ikhale pafupi. Mwana akayamba kudandaula mutu, chizungulire kapena kufooka, mumugoneke pamthunzi, mumupatse madzi, ndipo akapanda kutsitsimuka mupite naye kuchipatala msanga.

Aphunzitsi, mawu oti TALULAR, kutanthauza kuphunzitsa ndi kuphunzira pogwiritsa ntchito zipangizo zopezeka m'dera lanu, munawamva ku koleji, ndipo chigwa chino chili ndi zipangizo zosagula. Nthangala za masau ndi za malambe zimakwana kalasi yonse pophunzira kuphatikiza ndi kuchotsera. Phada musamuone ngati masewera a atsikana chabe: mwana akamatulutsa miyala n'kubweza iwiriiwiri, kenako itatuitatu, wayamba kale kuchulukitsa, kungoti sanauzidwe. Mufunseni kuti yatsala ingati asanaiwerenge. Bawo ndi chimodzimodzi. A Sitandade 1 alembe zilembo pamchenga ndi chala, poti akalakwa amangofufuta, osalira kuti kope lada. Ana okulirapo a Sitandade 5 azike kamtengo pabwalo, ayeze mthunzi wake ndi mapazi m'mawa, masana ndi poweruka, kenako anene okha chomwe chikuchitika. Nyengo ya mvula, botolo lodula pamwamba lokhala ndi zizindikiro limawaphunzitsa kuyeza mvula, nkhani yomwe mwana wa m'dera losefukira madzi ayenera kuidziwa bwino. Ndipo mwana akatchula mbalame kapena mtengo m'Chisena kapena m'Chimang'anja, musamudule; lembani dzinalo pambali pa la m'buku.

Pa nkhani ya madzi ndiye palibe kunyengerera. Musatengere ana kumtsinje wa Shire, wa Ruo kapena kumadambo a Elephant Marsh ati kukaphunzira za chilengedwe. Ng'ona ndi mvuu zilipo. Ngakhale zithaphwi zooneka zabata zimakhala ndi nkhono zofalitsa likodzo, ndipo tizilombo take timalowa pakhungu mwana akamasambira kapena kuponda m'madzimo. Mwana wokodza magazi apite kuchipatala. Si chizindikiro choti akukula ayi.

A komiti ya sukulu ndi a gulu la amayi, ntchito yanu ndi kulambula bwalo: kuchotsa minga ndi magalasi osweka, kutchetcha udzu wobisa njoka, ndi kugubuduza miyala ndi zipika zomwe zinkhanira zimabisalamo. Mvula yoyamba ikagwa, bzalani mitengo ya mthunzi m'mbali mwa bwalo, kalasi iliyonse ipatsidwe yake yothirira, ndipo muitchingire ndi minga chifukwa mbuzi za kuno sizisiya mbande.