Komiti isanagamule za mbewu ya chaka chino, iyambe yafunsa komwe mtengo wachokera

Kuyambira Ogasiti mpaka Okutobala makomiti a makopaletivi ndi magulu a alimi amakhala pansi kugamula nkhani zikuluzikulu: mbewu yoti mamembala alime yambiri chaka chino, kutenga ngongole ya zipangizo kapena ayi, kugulitsa zomwe zili m'nyumba yosungiramo katundu tsopano kapena kudikira Januwale. Zigamulo zotere sizisinthika mawa lake. Mukagula mbewu n'kugawira mamembala, mwadzimanga mpaka nthawi yokolola. Malangizo awa ndi a inu apampando, alembi, asungichuma ndi mamanijala, ndipo akukhudza nthawi ija uthenga wafika pa msonkhano aliyense n'kuyamba kuutanthauzira m'mutu mwake. Magulu ambiri amalakwitsa pamenepo, ndalama zisanatuluke n'komwe.

Alimi a ku Mulanje, Phalombe, Chiradzulu, Zomba, Balaka ndi Machinga sanaiwale za nandolo. Mu 2015 ndi 2016 mtengo wake unakwera kwambiri, mavenda ankafika ndi masikelo mpaka m'midzi yovuta kufikako, ndipo mbewu yomwe kale inkangodzalidwa m'mizere ya chimanga kuti ikhale ndiwo inasanduka mbewu ya ndalama. Magulu ambiri anawonjezera minda. Mu 2017 mtengo unagwa chagada, nandolo n'kudzaza m'nyumba popanda womufuna.

Chomwe chinakweza mtengowo sichinali kuno. Nandolo wambiri amene dziko lino limagulitsa kunja amapita ku India, komwe amamusenda, kumugawa pakati n'kuphika ndiwo ya tsiku ndi tsiku. Mu 2014 ndi 2015 mvula sinagwe bwino ku India, zokolola zinachepa, ndipo amalonda akumeneko anakasaka nandolo ku Myanmar, Tanzania, Mozambique ndi Malawi. Mtengo utakwera, alimi a ku India nawonso anachita zomwe mlimi aliyense amachita: anakulitsa minda. Mvula ya 2016 inagwa bwino, ndipo zokolola zawo za nandolo zinapitirira matani 4 miliyoni, pafupifupi kuwirikiza kawiri za chaka cham'mbuyo. Mu Ogasiti 2017 boma la India, pofuna kuteteza alimi ake, linalamula kuti nandolo wochokera kunja asapitirire matani 200,000 pa chaka. Lamuloli linatuluka alimi athu ali mkati mokolola. Dziko la Mozambique linali litasainirana kale pangano ndi India mu 2016, ngakhale kuti nakonso mitengo inagwa. Malawi anadzasaina lake mu 2021, la matani 50,000 pa chaka kwa zaka zisanu.

Tsono taonani nthawi yake. Ku India nandolo amadzala mu Juni ndi Julayi, ndipo boma lakumeneko limalengeza kukula kwa malo omwe adzalidwa nyengo ili mkati. Ife timadzala mu Novembala ndi Disembala. Ndiye kuti pomwe makomiti athu ankagamula mu 2016 zowonjezera minda, nandolo wa ku India anali atamera kale pa malo ochuluka kuposa kale lonse, ndipo nkhaniyo sinali yachinsinsi. Sindikunena kuti wapampando wa ku Phalombe akanayenera kumawerenga nyuzipepala za ku Delhi, likulu la India. Koma funso lakuti "amene amadya nandolo ameneyu ndi ndani, ndipo n'chifukwa chiyani akulipira ndalama zambiri chonchi chaka chino?" linali lotheka kufunsa mlangizi, wogula wamkulu wa ku Limbe, kapena a bungwe ngati Agricultural Commodity Exchange (ACE) ku Lilongwe, omwe ntchito yawo ndi ya misika ya mbewu. Yankho lakuti "kwawoko kunali chilala" likanakwanira kuchenjeza komiti, chifukwa chilala chimatha. Mtengo wokwera chifukwa cha tsoka la mnzako umatsika iye akangokolola. Wokwera chifukwa pamangidwa fakitale yatsopano yoyenga mafuta kapena yopanga chakudya cha nkhuku umakhalitsako. Pa sikelo ya venda mitengo iwiriyi imaoneka yofanana.

Chimene chimatseka funso limeneli kawirikawiri ndi nambala yomwe yayamba kulowa m'mutu. Akatswiri awiri a za kaganizidwe ka munthu, Amos Tversky ndi Daniel Kahneman, anasonyeza izi mu 1974. Ankazunguza gudumu lamanambala anthu akuona, koma linali lokonzedwa kuti liime pa 10 kapena pa 65. Kenako ankafunsa kuti mwa mayiko 100 alionse a m'bungwe la United Nations, angati ndi a mu Africa. Omwe anaona 10 mayankho awo anazungulira pa 25, pamene omwe anaona 65 anazungulira pa 45. Onsewo ankadziwa kuti gudumulo silikugwirizana ndi funso, koma linawakokabe. Nanga mtengo wa chaka chatha, womwe munthu anaugwira m'manja n'kugulira malata, ungamukoke bwanji? Pa msonkhano wina akangotchula mtengo umenewo poyamba, zokambirana zonse zimangozungulira pamenepo: ena achotsako pang'ono, ena awonjezerako pang'ono. N'chifukwa chake ndimalangiza kuti mlembi abwere ndi mitengo ya zaka zisanu kapena kuposa kuchokera m'mabuku a gulu, chaka choipa chikhalemo, ndipo iwerengedwe yonse wina asanayambe kunena maganizo ake. Masamu a phindu achitidwe kawiri, pa mtengo wapakati ndi pa mtengo wotsikitsitsa. Ngati pa mtengo wotsikitsitsawo gulu silingabweze ngongole, komiti idziwe zimenezo tsopano.

Chachiwiri ndi mpando umene munthu wakhalapo. Mu 1958 DeWitt Dearborn ndi Herbert Simon, yemwe anadzalandira mphoto ya Nobel pa za chuma mu 1978, anapatsa mabwana 23 a kampani ina ku America nkhani yolembedwa yonena za kampani yopanga zitsulo, n'kuwafunsa vuto lalikulu lomwe bwana watsopano ayenera kuyamba nalo. Onse anawerenga mapepala omwewo. Mwa mabwana 6 a ku nthambi yogulitsa malonda, 5 anati vuto ndi kagulitsidwe. Mwa 17 otsalawo, 5 okha ndiwo ananena zimenezo. Anthu 23 ndi ochepa, ndipo James Walsh atabwereza kafukufukuyu mu 1988 ndi mamanijala oposa 100 anapeza kuti khalidweli si lamphamvu monga ankaganizira. Komabe amene anakhalapo pa msonkhano wa kopaletivi alizindikira. Kalata ya wogula ikafika yakuti akufuna matani ochuluka a soya, msungichuma amaona ndalama zogulira kwa mamembala zomwe palibe, woyang'anira nyumba ya katundu amaona denga lodontha ndi anankafumbwe, mlimi wotsogolera amaona mbewu yabwino yomwe ikusowa, wapampando amaona dzina la gulu likukwera ku boma. Palibe akunama. Aliyense waona mbali yomwe ntchito yake inamuphunzitsa kuona.

Kusiyana kumeneku n'kothandiza ngati kwafika pa tebulo. Vuto la kwathu kuno n'lakuti sikufika. Wapampando, makamaka akakhala munthu wachikulire kapena wachibale wa amfumu, akayamba ndi mawu akuti "ine ndikuona kuti", otsalawo amangoti "tagwirizana nazo, bambo", ndipo mayi amene amadziwa bwino kuti mamembala a kutsidya kwa mtsinje alibe ndalama zopalitsira amasunga mawu ake kukanena panjira. Ulemu umenewu ndi wabwino ndipo sindikufuna kuuthetsa. Mungousinthira ndondomeko. Nkhani ikawerengedwa, aliyense alembe pa kapepala zomwe waona ndi zomwe akuopa, asanalankhule wina aliyense. Wosatha kulemba anong'oneze mlembi. Kenako ayambe kulankhula ang'onoang'ono pa udindo, wapampando amalize. Inu apampando mudzadabwa ndi zomwe anthu anu amadziwa. Ndipo amene wabweretsa nkhani yosakoma, monga yakuti theka la mamembala linagulitsa kale mtedza wawo kwa mavenda usiku, athokozedwe poyera. Akakalipiridwa kamodzi, ulendo wina simudzamva kanthu mpaka galimoto ya wogula itafika n'kupeza nyumba yopanda katundu.

Pa bolodi kapena pa pepala lalikulu, siyanitsani zomwe mwamva ndi zomwe mukuganiza kuti zikutanthauza. "Venda akugula soya pa mtengo wakuti pa msika wa Lachitatu" ndi chinthu choti munthu angapite kukaona. "Soya akusowa, akwerabe" ndi maganizo, ndipo kawirikawiri amalowa m'maminitsi ngati zenizeni. Pambali pa uthenga uliwonse lembani amene wanena ndi chomwe angapindule inu mukamukhulupirira. Wogulitsa mbewu sanganene kuti mbewu yake ilibe msika. Venda amene akufuna mugulitse lero amanena kuti mawa mtengo utsika. Uthenga wa pa WhatsApp wopanda tsiku ungakhale wa zaka ziwiri zapitazo. Ngakhale mitengo yoyambira yomwe Unduna wa Zamalimidwe umalengeza chaka ndi chaka iwerengedwe moyenera: ndi mtengo umene wogula sayenera kutsikirapo, koma sikulonjeza kuti wogulayo abwera. Nkhani ikatsimikizidwa ndi anthu awiri omwe sadyera limodzi, ndiye muyiike pa mzere wa zenizeni. Anthu asanu omwe onse anamva kwa venda mmodzi ndi mboni imodzi.

Pali uthenga wina umene timaupeputsa chifukwa sunena motsimikiza. Nyengo ya 2023/24 isanayambe, nthambi yoona za nyengo inachenjeza za El Niño ndi kuthekera kwa mvula yochepa, makamaka kumwera. Ambiri anayankha kuti a zanyengo amaphonya. Amaphonyadi nthawi zina, pakuti iwo amanena za mwayi wakuti chinthu chichitike. Koma ng'amba inabwera chimanga chili pa msinkhu wofuna madzi, ndipo pa 23 Malichi 2024 Pulezidenti wa nthawi imeneyo, Lazarus Chakwera, analengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi. Komiti sinkafunika kukhulupirira chenjezolo ndi mtima wonse. Inkangofunika kuyerekeza zinthu ziwiri: titaya chiyani tikagawa munda n'kuika mbali ina mapira, mbatata, chinangwa kapena chimanga chocha msanga koma mvula n'kugwa bwino, ndipo titaya chiyani tikaika ngongole yonse ya feteleza pa chimanga chochedwa kucha mvula n'kudula? Kutaya koyambako gulu limapirira. Kwachiwiriko kumathetsa gulu.

Nambala nazonso zimanyenga ndalama ikagwa mphamvu. Mu Novembala 2023 kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 pa 100 alionse, dola kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Chaka chotsatira mitengo ya mbewu zambiri inaoneka yokwera, ndipo sikunali kovuta kuganiza kuti gulu lapindula. Muyeso wabwino kwa mlimi ndi uwu: matumba angati a mbewu yanga akugula thumba limodzi la feteleza chaka chino, ndipo anali angati chaka chatha? Ngati matumbawo achuluka, mwabwerera m'mbuyo ngakhale ndalama za m'buku zakwera.

Komiti ikatsala pang'ono kugwirizana, pali njira yomwe katswiri wina, Gary Klein, anaitchukitsa, ndipo imatenga theka la ola basi. Wapampando anene kuti: "Tiyerekeze kuti tili mu Julayi chaka chamawa, ndipo chigamulo chathuchi chatigwetsa m'mavuto. Aliyense anene chomwe chachitika." Kusiyana kwake ndi funso la masiku onse lakuti "pali wotsutsa?" n'kwakuti pano palibe akutsutsa munthu. Kulephera kwaperekedwa kale ngati nkhani, ndipo aliyense akungofotokoza chifukwa chake, choncho ngakhale wamanyazi amalankhula. Zifukwa zimatuluka zenizeni: wogula sanasaine pepala, mlatho umaduka mu Febuluwale, mbewu inafika mvula itapita kale, mamembala anadyeratu ngongole nthawi ya njala. Sankhanipo ziwiri kapena zitatu zoopsa kwambiri n'kuona ngati zili ndi pothawira. Nthawi zina yankho limakhala kuchita chinthu chomwecho pa mlingo wochepa, monga kuyesa mbewu yatsopano ndi makalabu awiri m'malo mwa onse khumi.

Mlembi asalembe chigamulo chokha m'maminitsi. Alembenso chomwe mwakhulupirira pogamula, mwachitsanzo kuti wogula asaina mgwirizano mwezi wa Novembala usanathe, kapena kuti mtengo sutsika kupyola pakuti. Pansi pake alembe tsiku lodzaonanso nkhaniyo, dzina la udindo wa amene atsatire uthengawo, ndi chomwe gulu lidzachite chikhulupirirocho chikapezeka cholakwa. Izi zimateteza komiti ku chizolowezi chokakamira njira chifukwa choti ndalama zalowamo kale, pomwe munthu amayamba kumva nkhani zokhazo zomukomera. Tsikulo liikidwe feteleza wobereketsa asanagulidwe kapena gawo lachiwiri la ngongole lisanatengedwe, nthawi yomwe kubwerera kukadali kotsika mtengo, ndipo maminitsi amenewo awerengedwe mokweza koyambirira kwa msonkhano wa tsikulo.