Musanalipire kosi ya kasungidwe ka zikalata pa kompyuta muli kunja

Amalawi ambiri amene akugwira ntchito m'maofesi, m'zipatala ndi m'nyumba zosamalira okalamba ku South Africa ndi ku Mangalande amakhala ndi mafayilo m'manja tsiku lililonse, koma akafuna kukwera pa ntchito amafunsidwa pepala losonyeza kuti anaphunzira kasungidwe ka zikalata pa kompyuta. Makosi ake ndi ambirimbiri, ndipo otsatsa malonda salephera kulankhula, choncho funso loyamba lisakhale la mtengo kapena kutalika kwa kosi, koma lakuti pepala limene mudzalandire lidzavomerezedwa ndi ndani.

Ine ndinaphunzira zimenezi nditaluza kale ndalama. Ndinalipira kosi ya masiku atatu imene inkachitikira mu holo ya hotela ina, kunali tiyi ndi mabisiketi, ndipo tsiku lomaliza tinajambulitsa titanyamula masatifiketi okhala ndi chidindo chagolide. Nditapita nayo kwa mkulu woona za antchito, anaiyang'ana pang'ono, n'kuloza ndi chala mawu akuti attendance, kenaka anandibwezera mwaulemu. Pepalalo linkangochitira umboni kuti ndinakhala pa mpando masiku atatu, osati kuti ndinalemba mayeso n'kukhoza. Makosi oterewa ali ndi ntchito yake kwa munthu amene ali kale ndi ziyeneretso ndipo akungofuna kunola luso, koma sangakhale maziko.

Ngati muli ku South Africa, funsani koleji nambala imene maphunzirowo analembetsedwa nayo ku SAQA, bungwe loona za ziyeneretso za maphunziro m'dzikolo, ndi mlingo wake pa NQF, muyezo wa maphunziro umene umayambira pa 1 kufika pa 10, kenaka mukaione nokha nambalayo pa tsamba la SAQA. Onaninso ngati kolejiyo ili m'kaundula wa makoleji oima paokha amene unduna wa maphunziro a ukachenjede umasindikiza, chifukwa dzina lokongola pa khomo si chilolezo. Yunivesite ya UNISA ili ndi Higher Certificate in Archives and Records Management, ya mlingo 5, imene munthu amaphunzira ali pa ntchito osalowa m'kalasi tsiku ndi tsiku. Koma MSCE kapena dipuloma yanu ya kumudzi iyenera kuyamba yaunikidwa ndi SAQA, ndipo ntchitoyi simatha tsiku limodzi, choncho ndi bwino kuiyamba miyezi ingapo nyengo yolembetsa isanafike.

Ku Mangalande bungwe lounika mapepala a kunja ndi UK ENIC, limene kale linkatchedwa UK NARIC, ndipo makosi a m'makoleji a ku England mungawafufuze m'kaundula wa Ofqual, bungwe loyang'anira mayeso ndi masatifiketi kumeneko. Amene ali ndi digiri angaganizire maphunziro a patali a ku yunivesite ya Dundee kapena ya Aberystwyth, ndipo ayambe aona ngati kosi imene akufunayo ili pa mndandanda wa makosi ovomerezedwa ndi Archives and Records Association. Amene alibe digiri asataye mtima. Kulowa bungwe la Information and Records Management Society ndi kutenga satifiketi yaifupi ya chitetezo cha zinsinsi za anthu, monga ya BCS, bungwe la akatswiri a za makompyuta, kumatsegula khomo la ntchito zoyambira.

Palinso masatifiketi ochokera ku America amene amatchulidwa kwambiri: CRM ya Institute of Certified Records Managers, CIP ya AIIM ndi IGP ya ARMA International. CRM ili ndi zigawo 6 za mayeso, imafuna munthu amene wagwirapo kale ntchitoyi, ndipo ukaipeza umafunika kumalipira chaka ndi chaka komanso kumaonjezera maphunziro kuti isafe. Kwa ine, munthu amene akungoyamba kumene asathamangire kumeneko. Ayambe wasonkhanitsa zotsatsa ntchito khumi za mumzinda umene akukhala, aone dzina la satifiketi limene likubwerabwera, chifukwa olemba ntchito ku Durban safuna zofanana ndi olemba ntchito ku Leeds.

Za m'kati mwa kosi ndi zimene zimafuna kudekha kwambiri. Pemphani ndondomeko ya maphunziro musanalipire, ndipo muone ngati ikuphunzitsa kusanja zikalata m'magulu molingana ndi ntchito za bungwe, kulemba retention schedule, imene imanena kuti chikalata chilichonse chisungidwe zaka zingati ndipo chidzafafanizidwe liti, ndiponso metadata, zomwe ndi mfundo zonena za amene analemba chikalata, tsiku lake ndi amene anachitsegulapo. Kosi yabwino imatchula ISO 15489, muyezo wa padziko lonse wa kasungidwe ka zikalata umene unatuluka mu 2001 n'kukonzedwanso mu 2016. Kosi imene ikungophunzitsa podina mu SharePoint ikupatsani luso la pulogalamu imodzi yokha, ndipo ofesi ikadzasintha pulogalamu mudzayambanso kuchokera pansi. Aliyense amene anatsegulapo foda yodzaza mafayilo a maina monga scan001, scan002 mpaka scan900 akudziwa kuti kusikana mapepala sikutanthauza kuti zikalata zasungidwa bwino. Zangosamutsidwa kuchoka m'kabati kupita mu kompyuta pamodzi ndi chisokonezo chake.

Malamulo nawo amasiyana dziko ndi dziko. Ku South Africa kosi iyenera kukhudza POPIA, lamulo la 2013 loteteza zinsinsi za anthu limene mabungwe anayamba kukakamizidwa kulitsata pa 1 July 2021, pamene ku Mangalande iyenera kukhudza UK GDPR, Data Protection Act ya 2018 ndi Freedom of Information Act ya 2000. Kosi ya pa intaneti yotsika mtengo imene zitsanzo zake zonse ndi za malamulo a ku America ikhoza kukusokeretsani pa mafunso a ntchito.

Musanatulutse ndalama, funsani abwana anu ngati kampani ili ndi thumba la maphunziro a antchito, ndipo werengani zimene chiphaso chanu chokhalira m'dzikomo chimalola pa nkhani ya sukulu. Amene akulingalira zodzabwerera kumudzi asunge satifiketi pamodzi ndi transcript (pepala la zotsatira za phunziro lililonse) ndi ndondomeko ya maphunziro, chifukwa bungwe la NCHE ku Lilongwe ndilo limaunika mapepala a maphunziro a ukachenjede ochokera kunja, ndipo n'zovuta kuitanitsa mapepalawa ku koleji imene munachokako zaka zisanu zapitazo.