Akakulemberani ekisire musathawe, koma dziwani izi kaye

Abale anga, ambirife adokotala akangoti pitani mukajambulidwe ekisire timayamba kunjenjemera, ena mpaka kuzemba pamzere ati makinawo amayamwa magazi. Ayi ndithu, palibe magazi amene amachoka.

Ekisire imajambula ndi cheza chosaoneka ndi maso. Chezachi anachitulukira ndi wasayansi Wilhelm Röntgen ku Würzburg m'dziko la Germany pa 8 Novembala 1895. Ankayesa magetsi m'chubu chagalasi chokutidwa ndi pepala lakuda, mwadzidzidzi anangoona chikepala chopaka mankhwala chili poteropo chikuwala, ndiye anadziwa kuti pali cheza china chosaoneka chimene chikudutsa. Patangopita masabata ochepa anajambula dzanja la mkazi wake Anna Bertha, mafupa onse poyera ndi mphete yomwe, ndipo mu 1901 analandira mphoto ya Nobel.

Chezachi chimadutsa mnofu mosavuta koma fupa ndi chitsulo zimachitchinga, nchifukwa chake fupa limaoneka loyera pomwe mapapo poti muli mpweya amaoneka akuda. Ndiye mukamalowa vulani mkanda, ndolo, bra ya waya, chotsani makobidi ndi makiyi mthumba, ngakhale mikanda ya mchiuno amayi ngati akujambula pamenepo, musachite manyazi chifukwa zimabisa pomwe pali vuto ndiye adzakujambulaninso kachiwiri. Akati pumirani mkati mugwire mpweya, gwirani osagwedezeka, ndi masekondi chabe.

Koma apa mpofunika kumvetsetsa. Amayi ngati muli oyembekezera kapena mwangodumphitsa mwezi simunatsimikize, nenani musanaime pamakina, osadikira akufunseni, chifukwa mwana wammimba sachedwa kukhudzidwa ndi cheza. Sikani ija ya kusikelo ndi ina, imagwiritsa ntchito mafunde a mawu, ilibe chezachi.

Kuchuluka kwake nkumene kumapweteka. Clarence Dally yemwe ankathandiza katswiri wa zamagetsi wa ku America Thomas Edison anapsa manja mpaka kudulidwa, anamwalira ndi khansa mu 1904 poti nthawi imeneyo ankangoyika manja pa chezacho tsiku ndi tsiku osadziteteza. Lero ekisire imodzi yapachifuwa ndi cheza chochepa, chofanana ndi chomwe thupi limalandira mwachilengedwe pamasiku pafupifupi 10. Komabe musamakakamize adokotala kuti akujambuleni paliponse pakawawa, ekisire sichiza, imangoonetsa. Mukagwira mwana pojambula pemphani chovala cholemera chija cha mtovu.

Ngati akuganizira TB perekaninso makhololo, chithunzi chokha sichikwanira. Akakupatsani filimu osayipinda kapena kuyinyowetsa, isungeni pamodzi ndi buku lakuchipatala mudzapite nayo ulendo wina kuti afananize.