Mmene Mungagwirire Ntchito ndi Bodi ndi Komiti ya Alangizi m'Bungwe Losachita Phindu

Ngati mwapatsidwa udindo woyendetsa bungwe losachita phindu, yambani ndi kuwerenga malamulo oyendetsera bungwelo kuti mudziwe bwino kusiyana kwa bodi ndi komiti ya alangizi, chifukwa mikangano yambiri imabadwira pomwepo. Bodi ndiyo imamanga mfundo, imavomereza bajeti, imalemba ndi kuchotsa ntchito mkulu wa bungwe, ndipo ndalama zikasokonekera, mamembala ake ndiwo amayankha pamaso pa lamulo komanso kwa opereka thandizo. Komiti ya alangizi ilibe mphamvu zotere, pakuti ntchito yake ndi kupereka nzeru zimene bodi ingatsate kapena kuzisiya. Mfundo imeneyi muilembe momveka m'kalata yopempha munthu kuti akhale mlangizi, kuti asadzakhumudwe poona kuti maganizo ake sanatsatidwe.

Chimene bodi imafuna kwambiri kwa inu ndi choonadi chofika pa nthawi yake. Konzani mndandanda wa zokambirana pa msonkhano wa bodi pamodzi ndi wapampando, ndipo muutumize kwa mamembala kukadali sabata yathunthu, limodzi ndi lipoti la zachuma loonetsa ndalama zimene zalowa, zimene zagwiritsidwa ntchito, ndi pamene zasiyana ndi bajeti. Pa nkhani iliyonse onetsani ngati mukufuna chigamulo, malangizo, kapena mukungodziwitsa. Nkhani zowawa ndizo zoyenera kufulumira nazo: wopereka thandizo akasiya, kapena odita, yemwe amafufuza mabuku a ndalama, akapeza cholakwika, dziwitsani wapampando ndi msungichuma tsiku lomwelo. Ine ndimaona kuti mkulu wa bungwe amene amabisa vuto poopa manyazi amalanda bodi mwayi wolikonza likadali laling'ono, ndipo chikhulupiriro chikatayika motero sichibwerera msanga.

Pa msonkhano, bodi isamange mfundo ngati mamembala sanakwane chiwerengero chimene malamulo anu amafuna, popeza chigamulo chotere chikhoza kuthetsedwa. Membala amene nkhani ikumukhudza, monga pamene kampani ya m'bale wake ikufuna kontirakiti, anene poyera ndipo atuluke mpaka anzake atavota. Mlembi alembe zimenezi m'maminitsi, pamodzi ndi chigamulo, dzina la woti achite ntchitoyo ndi tsiku lomalizira.

Nthawi zina membala wa bodi amayamba kulamula antchito mwachindunji, kawirikawiri chifukwa chokonda bungwe. Musakangane naye pagulu, koma pemphani wapampando kuti amukumbutse mwaulemu kuti bodi imalankhula ngati gulu, kudzera kwa mkulu wa bungwe.

Alangizi nawo amafooka akamaitanidwa kudzangomvera malipoti, pomwe anadzipereka kwaulere kuti luso lawo ligwire ntchito. Apatseni funso limodzi lenileni, monga mmene mungayesere ngati pulogalamu yanu ikusinthadi miyoyo ya anthu, ndipo muonetsetse kuti pakati pawo pali ena mwa anthu amene bungwe limawatumikira, chifukwa iwo amaona zimene akatswiri saziona. Bodi ikamaliza kukambirana, bwererani kwa alangiziwo mukawafotokozere malangizo amene atsatidwa, amene asiyidwa, ndi zifukwa zake. Ikaninso malire a zaka zimene munthu angakhale mu komitiyo, kuti amene watopa achoke mwaulemu ndipo ena alowe.