Momwe mungawerengere ulosi wa sinowo musanatulutse galimoto ku UK

Amalawi ambiri amene akusamalira okalamba kuno ku UK amayendetsa galimoto m'bandakucha, kuchoka khomo lino kupita lina, pa nthawi yomwe msewu umaterera kwambiri pakati pa Disembala ndi Marichi. Ambirife tinaphunzirira kuyendetsa pa fumbi ndi matope. Choncho zoti muyenda kapena ayi muzigamula madzulo, osati m'mawa makiyi ali kale m'manja.

1. Madzulo tsegulani tsamba la Met Office, bungwe la boma loona zanyengo, mulembe postcode ya komwe mukupita, osati ya kwanu yokha. Machenjezo awo ndi achikasu, a amber (mtundu wa lalanje) ndi ofiira. Mtunduwo amausankha poona zinthu ziwiri: kukula kwa vuto lomwe lingabwere, ndi mpata woti lichitikedi. Ndiye chikasu musachipeputse, chifukwa nthawi zina vutolo ndi lalikulu, kungoti azanyengo sanatsimikize. Werengani mawu ali m'munsi mwa mapu. Chenjezo likafiira, musatuluke.

2. Funani pomwe atchula kutalika kwa malo omwe kugwe sinowo, monga mamita 200 kupita m'mwamba. Apa ndi pomwe ambiri timasochera. Mukakwera mamita 150, mpweya umazizira ndi pafupifupi digiri imodzi, ngati mmene Dedza imazizirira pomwe ku Salima anthu ali thukuta. Kuno nyengo yozizira imakonda kusewera pafupi ndi 0, moti digiri imodziyo ndi yomwe imasiyanitsa mvula ndi sinowo. Ku Manchester kukhoza kumagwa mvula wamba pomwe pa msewu waukulu wa M62, pamwamba pa mapiri a Pennines pafupi ndi junction 22, mamita 372, msewu wayera. Pa 1 Marichi 2018 anthu ambiri anagona m'magalimoto pamalo amenewa. Misewu ya A57 Snake Pass, A628 Woodhead ndi A66 imatsekedwa kawirikawiri. Satnav, kachipangizo kolondolera njira, ikakulozerani njira yachidule yodutsa m'mapiri, ikaneni.

3. Kumbukirani kuti phula limazizira kuposa mpweya. Galimoto ikaonetsa madigiri 3, pansi pakhoza kukhala pataundana kale, makamaka usiku wopanda mitambo, pa milatho ndi pamthunzi. Black ice, ayezi wopyapyala wa paphula, saoneka. Msewu umangokhala ngati wanyowa. National Highways, kampani ya boma yoona misewu, imathira mchere m'misewu ikuluikulu ya ku England, makhonsolo amayambira misewu ya mabasi, koma timisewu tam'makomo, momwe makasitomala athu ambiri amakhala, nthawi zambiri sitithiridwa. Ndi bwino kuimika galimoto mumsewu waukulu n'kumalizitsa wapansi.

4. Imbirani abwana usiku womwewo ngati njira ikukayikitsa. Ndikudziwa mantha omwe munthu wa viza ya ntchito amakhala nawo, koma ofesi ikadziwa msanga imatha kusintha rota, ndipo gogo woyembekezera mankhwala amafikiridwabe.

5. M'mawa chotsani sinowo pa magalasi onse, pa nyali, pa nambala ndi padenga; Highway Code imatero. Musathire madzi otentha pa galasi, lingang'aluke. Lamulo limafuna mizere ya matayala yakuya mamilimita 1.6, koma nyengo ino 3 ndiyo yodalirika. Ikani bulangete, tochi, madzi, chakudya, kafosholo ndi tchaja, ndipo mafuta asakhale otsalira pang'ono.

6. Pamsewu, nyamukani ndi giya yachiwiri, pang'onopang'ono. Pa ayezi galimoto imatha kutenga mtunda wochuluka kakhumi isanaime, ndiye siyani danga lalikulu. Ikayamba kuterereka, chotsani phazi pa mafuta, musaponde buleki mwamphamvu, ndipo tembenuzani chiwongolero modekha kulowera komwe kumbuyo kwa galimoto kukupita.

Mukatitimira, khalani m'galimoto, muuze wina pomwe muli. Musanalize injini kuti mufundidwe, onani kuti ekizozi sinatsekeke ndi sinowo, chifukwa utsi wake ukabwerera m'kati umapha osanunkha. Moyo ukakhala pangozi, imbani 999.